Duwa la a Rozaria la pamtengo wa mango

A Gideoni Chikoti anali munthu wodziwa kuthirira, ndipo pa zimenezo musawatsutse. Zaka makumi atatu anakhala tenanti m'maesiteti a fodya a kwa Kabudula ndi ku Nsaru, ndipo nazale yawo inali yoti akapitawo ankabwera ndi matenanti atsopano kudzaonera. Keni ya madzi m'mawa, keni madzulo, osaphonya ngakhale mutu ukuwawa. N'chifukwa chake zinawapweteka zedi kuti chinthu choyamba kuwafotera m'manja pa ukalamba wawo chikhale duwa la akazi awo.

Duwalo linachokera ku Mulanje. Chaka chimene lole ya esiteti inabwera kudzatenga matenanti, a Gideoni ndi a Rozaria anali atangokwatirana kumene. Anthu anakweza miphika, mikeka, nkhuku zomanga miyendo. A Rozaria anakwera ndi kamtolo kokulunga m'chitenje, nakafukata ulendo wonse ngati khanda. A Gideoni ankayesa ndi mbewu ya chinangwa, mpaka anayamika mumtima kuti apeza mkazi wanzeru. Atafika n'kumasula, anapeza timapesi tonenepa ngati nzimbe zazing'ono, masamba ochepa, ndi mizu yoyera yolukanalukana yopanda dothi ndi pang'ono pomwe. A Rozaria anachita kulisenda pamtengo wa kumtsinje, kuseri kwa nyumba ya amayi awo.

"Amake Faness, duwa lanulo tidzadya liti?" ankawafunsa chomwecho zaka zonse, mwana wawo Faness atabadwa mpaka kukula.

"Tsiku lomwe mudzadye fodya wanuyo," ankayankha a Rozaria osacheuka n'komwe.

Anasamuka kanayi. Pa esiteti iliyonse, amuna akuona denga ngati likudontha, a Rozaria ankakhala akuzungulira kufunafuna mtengo. Akaupeza ankamangirira duwalo pamphanda ndi luzi, mbali yotulukira dzuwa, basi n'kulisiya. Miyezi yozizira ikamatha linkatulutsa nthambi yaitali ya maluwa achikasu a mawangamawanga ngati nkhanga, onunkhira dzuwa likakwera. Akazi a pakomboni ankabwera kudzaona, a Rozaria ali chilili pambali manja m'chiuno, kunyada ngati aveka mwana yunifolomu yatsopano. Anali masiku a njala ndi thukuta amenewo, koma a Gideoni akamawakumbukira lero chimabwera ndi fungo la duwalo.

Mwana wawo atayamba ntchito ku Lilongwe, iwo anasiya utenanti n'kupeza malo awoawo kufupi ndi Nambuma, pokhala mtengo wa mango pabwalo. Tsiku loyamba a Gideoni anati, "Tsopano dothi ndi lathu. Libzaleni pansi duwalo, lipumeko." A Rozaria anangoseka, natenga luzi kupita kumango.

A Rozaria anamwalira mu Seputembala chaka chatha, atagona m'chipatala milungu isanu. Achibale a ku Mulanje anafuna mtembo upite kwawo, kukagona pafupi ndi amayi awo monga zimakhalira. A Gideoni anakana. Sanapereke chifukwa chomveka, koma chifukwa chake chinali chakuti sakanatha kukhala okha kuno mkazi ali kutali choncho. A Rozaria anaikidwa m'manda a mudzi woyandikana nawo. Kuyambira pamenepo funso limodzi linkawadya mumtima: kodi sanamumane mkaziyo kwawo kawiri, ali moyo komanso atafa?

Ndiye mvula itatha, m'mawa wina anaima pansi pa mango n'kuliyang'anitsitsa duwa lija. Zaka zonsezi sanaliyang'anepo chotero. Analiona litakakamira pakhungwa, mizu ili pamtunda, lopanda dothi, lopanda manyowa, lokhalira pa mtengo wa eni. Anagwidwa ndi chisoni. Utenanti ankaudziwa bwino iwowo, ndipo anaona kuti duwali lakhala tenanti nthawi yokwanira.

Anatenga chikwanje n'kulisenda. Anapeza ndowa yabwino, yosabooka, nathiramo dothi la pachulu losakaniza ndi manyowa a ng'ombe owolerana, kuwonjezera kafeteleza ka pachivundikiro cha botolo. Analibzala, kutsendera bwinobwino ndi zala ngati mbande ya fodya, n'kuliika pakhonde pamene dzuwa limawomba kuyambira masana mpaka kulowa. Kenaka anapita kumanda kukalonjeza. Chiliza chinali choti chidzamangidwe mu Okutobala, ndipo anawauza akazi awo kuti tsiku limenelo adzabwera ndi nthambi ya maluwa awo, yaikulu kuposa zonse zimene anaonapo.

Keni m'mawa, keni madzulo.

Mwezi woyamba silinasinthe. Wachiwiri masamba anayamba kuchita chikasu, ena n'kupsa zigamba zofiirira mbali yoyang'ana dzuwa. Mlimi wa fodya akaona tsamba lofota amadziwa chochita, ndiye a Gideoni anawonjezera keni ya masana. Timapesi tinayamba kukwinyika. Faness ataona chithunzi pafoni anati duwalo dzina lake ndi okidi, n'kutumiza zolemba zambirimbiri za m'Chingerezi, zimene bambo ake sanawerenge. Munthu woti akapitawo ankabwera kudzaonera nazale yake aphunzitsidwe kuthirira ndi foni? Pofika mu Ogasiti, nthawi imene linkayenera kuyamba kutulutsa maluwa, linali ndi masamba atatu okha. A Gideoni anayamba kuliopa khonde lawo lomwe, ndipo potuluka ankadzera khomo la kuseri.

Amene anawapeza anali a Laila, mayi ake a Nasima, amasiye a golosale ya pamsika wa Nambuma. Anali anzawo a Rozaria a pamtima, wina wa kumzikiti wina wa kutchalitchi, koma chitenje ankagula chofanana. Anabwera kudzakambirana za mpunga wophika pa tsiku la chiliza. Moni sanaumalize. Anaima pamasitepe a khonde akuyang'ana ndowa ija nthawi yaitali.

"A Chikoti, wachita zimenezi ndani?"

"Ndalipatsa zonse, amake Nasima. Dothi la pachulu, manyowa, madzi katatu. Kaya ndi matenda, kaya likulira mwiniwake."

"Likulira inuyo," anatero a Laila. "Ndibwerekeni mpeni."

Sanadikire kuloledwa. Anagubuduza ndowayo pabwalo, ndipo matope anatuluka ndi fungo la m'dambo. Mizu ija imene inali yoyera inali itada, yofewa, yotuluka madzi akaifinya. A Gideoni anakhala pansi pamasitepe.

"Mwalimiza," anatero mayiwo akudula mizu yowolayo umodziumodzi. "Mizu iyi imapuma mphepo ngati inu ndi ine. Imamwa mvula ikagwa, mphepo ikawomba n'kuuma, ikauma ndiye imwenso. Mwaitseka pakamwa ndi matope miyezi inayi. Ndipo dzuwa la pakhonde panoli ndi la fodya. Ili limafuna la m'mawa, lodutsa m'masamba. Simunkaona mbali imene ankamangirira anzanga?"

"Inu mwazidziwira kuti zonsezi?"

"Anzanga ali m'chipatala muja mukuganiza ankalisamala ndani? Inu munali komweko. Anandilangiza atagona pabedi, dilipi ali pamkono, ngati akundisiyira mwana. Chikho chimodzi m'mawa, kuwaza pamizu, osati pakati pa masamba. Kenaka kudikira mpaka mizu iyere, iume gwa. Kukazizira, kamodzi pamlungu kapena osathirira n'komwe. Masamba akada kwambiri ndiye kuti mthunzi wachuluka, mudule kanthambi ka mango. Akachita chikasu ndiye kuti dzuwa lachuluka. Ndipo anati, chachikulu, bambo ake a Faness asaliyandikire ndi keni yawo ija."

A Gideoni anaseka, kuseka komwe kunathera m'misozi. Anawamva akazi awo m'mawu amenewo, mpaka kapendekedwe ka mutu.

Pa timapesi tonse tinatsala tiwiri tolimba. A Laila anapera makala n'kupaka m'mabala, nati duwalo ligone pamthunzi tsiku lonse kuti liume. M'mawa mwake anabweranso. Luzi panalibe, ndiye a Gideoni analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chakale cha a Rozaria, chobiriwira, chimene ankavala popita kumunda. Anang'amba kansalu m'mphepete. Anamangirira timapesito pamphanda yomwe ija, pamene khungwa linali likadali ndi chipsera cha chikwanje chawo.

"Likhala moyo?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Likatulutsa muzu watsopano ndiye kuti lakukhululukirani. Maluwa a chaka chino iwalani. Mpaka Lachisanu musalithirire, ndidzadutsa pochokera kumzikiti."

Pa ntchito zonse zimene a Gideoni anagwirapo, kuyambira kupalira mpaka kusoka fodya m'chigafa, panalibe yovuta ngati imeneyi, yongoyang'ana chinthu chikuoneka cha ludzu iwo manja ali lende. M'mawa uliwonse mkono unkanyamula keni wokha, miyendo n'kuwafikitsa pamango. Ankaima pamenepo, kenaka n'kutembenuka kukathira madziwo pa matimati. Matimati a chaka chimenecho anamwa mpaka kung'aluka. Lachisanu lililonse a Laila ankadutsa, kukhudza mizu ndi chala, n'kunena kuti "chikho chimodzi" kapena "ayi". Tsamba lina linagwa, kutsala awiri. Kutentha kwa Okutobala kutafika anawalola kuwaza kawiri pamlungu, m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo a Gideoni ankawaza ndi zala monga ankachitira akazi awo, chinthu chimene anali atachionapo kambirimbiri osachiona.

Tsiku la chiliza linafika. Faness anabwera ndi ana ake, a kutchalitchi anadzaza pabwalo, amayi anali kale pamoto kuseri. A Gideoni anavala jekete lawo n'kuzemba kupita pamango. Maluwa panalibe, ndipo anadziwa kale kuti sapezeka. Ankangofuna kuima pamenepo pang'ono asanapite kukaonekera chimanjamanja pamaso pa mkazi amene anamulonjeza.

A Laila anawapeza pomwepo, atanyamula chipande cha mpunga.

"Anthu akukudikirani, a Chikoti."

"Ndikanena chiyani kumeneko? Ndinamuchotsa kwawo ali mtsikana. Anayenda nane m'makomboni zaka makumi atatu. Atafa ndinamukaniza kubwerera. Chimodzi chokha chimene anachoka nacho kwawo ndachipha ndi manja angawa." Kenaka anafunsa chimene chinawavutitsa chaka chonse. "Inu munkacheza naye. Ankafuna kukagona ku Mulanje, eti?"

Mayiwo anali atayandikira mtengo, akuyang'ana pansi pa kansalu kobiriwira kaja. Anakakweza pang'ono ndi chala.

"Bwerani muone."

A Gideoni anapukuta maso n'kuwerama. Kuchokera patsinde la kapesi kamodzi panatuluka muzu woyera, wonenepa, wautali ngati chala chaching'ono, nsonga yake yobiriwira ndi yowala. Unali utadutsa pansi pa chitenjecho n'kumamatira pakhungwa, pachipsera penipeni. Anaukhudza mopepuka. Sunasunthe.

"Ndinawafunsa zimenezo m'chipatala," anatero a Laila. "Ndinati, anzanga, zikavuta tikakusiyeni kwa amayi anu? Anandiyankha kuti duwa lawo linachoka ku Mulanje lopanda dothi la ku Mulanje, ndipo silinalifunepo. Anati limangofuna pogwira. Ndiye anakulozani inu muli panja pawindo, mukusenda nthochi yoti adye, n'kunena kuti, ine ndinagwira kalekale."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinkayesa mukudziwa. Munthu mwakhala naye zaka zonsezo."

A Gideoni anagwira mtengowo ndi dzanja limodzi, nalira momasuka, kulira kumene sanalire ngakhale tsiku la maliro. A Laila anatembenuka kuyang'ana kumbali, kuwapatsa ulemu wawo. Kubwalo a kwaya anali atayamba nyimbo, ndipo Faness ankaitana bambo ake.

Anakonza jekete, kupukuta nkhope ndi kansalu ka m'thumba. Keni inali pomwepo patsinde la mango, yodzaza, pakuti mkono unali utainyamulanso m'mawa umenewo osawauza. Anaiyang'ana, nayang'ananso muzu uja.

"Lero ayi," anatero a Laila.

"Ndikudziwa," anayankha a Gideoni. Anaisiya pomwepo, napita kumanda opanda kanthu m'manja.