Mapazi Anga ndi Kambaula

ayi msuweni dikira ndimalize kaye kkkk. ukudziwa ndinabadwa ndi mtsempha waukulu wochokera kumtima wothina, anandipanga opaleshoni ndili khanda, chipsera chija chakunthitichi. ndiye adokotala anawauza amayi kuti ukadzathinanso magazi azifika movutikira kumiyendo, mapazi azizizira. basi kuyambira pamenepo mmawa uliwonse amayi amavundukula bulangete nkundigwira mapazi. ine ndimagirigishika koopsa, kuseka mpaka kuwaponda kkkk. akapeza ofunda amati "tadzuka bwino" nkumapita kuntchito

chaka chatha ku chekapu sitinapite. amayi anati mapazi ofunda chonchi tikatayirenji tsiku pamzere

koma anaiwala kuti ndimagona bedi limodzi ndi kamng'ono kanga, kaja timakatcha Kambaula chifukwa kamatentha thupi. kamagona chakumiyendo kwanga katakumbatira mapazi angawa ngati chidole

Lachiwiri mutu unandipweteka mpaka kamfuno, tinapita kuchipatala. anesi anandiyeza bipi pamkono, kenako pamwendo, anabwerezanso, nkusiya nthabwala. pamkono yokwera, pamwendo yotsika. mtsempha uja wathinanso. adokotala akuti adzalowetsa kapaipi pantchafu kokhala ndi kabaluni kuti akaufutukule, ndipo chekapu ndi ya moyo wonse, mapazi afunde asafunde

amayi: "koma adokotala, ndimawagwira daily, ofunda"

ine ndi pakamwa pangapa ndinaseka nkuti "amafunditsa ndi Kambaula!" ndimati tiseke tonse. palibe anaseka. amayi anangoyang'ana zikhatho zawo. Kambaula kanali pakhomo katanyamula jekete yanga, kanamva zonse

kuyambira tsiku limenelo kamayala mphasa pansi. ndikati bwera kuno iwe, kamati "ayi achemwali, ndinakubisirani matenda." mwana wa sitandade 2 ameneyo. ndakanyengerera, ndakapatsa foni kaseweretse magemu, kakukanabe. opaleshoniyo sindikuiopa kwambiri, koma sindikufuna kupita kuchipatala kakuganiza kuti kanandidwalitsa

amayi akubwerabe mmawa kudzandigwira mapazi. ozizira. sindikusekanso, iwo amangofunditsa

ndinamulembera mnzanga uja timakhala desiki imodzi, ndimvekere ndikauze chani kamwanaka. wayankha kuti:

"usakauze kuti sikanalakwe, sikamva. kauze kuti mapazi akukuzizira ndipo masokosi akukanika ntchito. nawenso siya ma kkkk, ndikudziwa ukulira"