Mazira Mazana Atatu ndi Munthu wa Papholo

Denga langa lili ndi mapanelo a sola makumi awiri ndi anayi. Mumsewu mwathu muno palibe wofikako. Nzeruyi ndinaitola m'mayiko asanu ndi awiri amene ndayendamo ndi thiraki, kumene nyumba imadya magetsi ake, otsala n'kuwatumiza m'mawaya a kampani ya magetsi kuti ena ayatsire. Ndinati nanenso, mwana wa wosoka nsapato, ndidzawalitsa msewu wonse.

Kupeza chilolezo ku ofesi ya kampaniyo kunanditengera miyezi khumi ndi umodzi. Fomu, sitampu, bwerani mawa, bwana ali kumsonkhano. Benchi la mu ofesi ija linandidyera mathalauza awiri. Tsiku limene anandiikira mita yatsopano yowerenga magetsi otumiza kukampani ndinazula mabatire onse osungira magetsi a sola n'kupatsa mlamu wanga.

"Siyaniko awiri, a Kunja," anatero mayi a kunyumba. Amanditchula choncho akatopa ndi nkhani zanga za maulendo.

"A chiyani? Masana dzuwa, usiku kampani!"

Iwo ntchito yawo ndi anapiye. M'chipinda chakuseri muli makina ofungatira mazira, ndipo sabata imeneyo munali mazira mazana atatu, atatsala masiku atatu kuti aswe.

Lachinayi masana magetsi anazima. Dzuwa lili phwee padenga, koma nyumba yonse zii, makina a mazira nawo zii. Ndinaimbira mmisiri amene anandilumikizira.

"Ndinakuuzanitu, bwana, koma inu munali pakati pofotokoza za doko lina. A kampani akazima, invata yanu, kamakina kolowetsa magetsi a sola m'nyumba kaja, imazimanso dala. Apo ayi mungathire moto m'mawaya amene anthu akukonza."

"Palibe njira?"

"Imeneyo musafunse ine."

Njirayo ndinkaidziwa. Kawaya kamodzi kodumphitsa chozimitsiracho, basi makina ayaka. Koma moto sukanathera m'nyumba mokha, ukanatulukiranso kumsewu.

Mayi anaika dzanja pagalasi la makinawo. "Akuzizira," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinatenga sikuludiraiva n'kutuluka pakhonde pamene pali bokosi la magetsi. Nditamasula sikuluwu yoyamba ndinaona munthu pamwamba pa pholo la pakona. Bambo waimvi, lamba atamukulunga m'chiuno, gulovu imodzi ataluma kumano, akupukuta thukuta. Dzanja losavalalo linali pafupi ndi waya.

Ndinapita pansi pa pholopo.

"Achimwene, mpaka liti?"

Analavulira gulovu ija m'manja. "Funsani mtengo unagwera mawayawu, bambo. Ine ndadzuka folo koloko, ili ndi pholo lachisanu ndi chimodzi. Ngakhale tiyi sindinamuone."

"Mawayawo ndi ozima?"

"Ndazimitsa ndekha kuthiransifoma. Pokhapokha wina wanzeru zambiri atandiyatsira." Anayang'ana denga langa, kenako chitsulo chinali m'manja mwangacho. "Nyumba ya magalasi ija ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Yokongola," anatero, n'kubwerera ku waya wake.

Ndinakamanganso sikuluwu ija.

"Ndiye?" anafunsa mayi.

"Tiwiritse madzi pa gasi."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Tinasonkhanitsa mabotolo onse a m'nyumba, n'kumawadzaza madzi otentha, kuwakulunga m'matawulo, kuwalowetsa m'makina, pamwamba n'kufunditsa mabulangete a pabedi pathu. Botolo likazizira, lina. Ine amene ndawolotsa katundu wa matani makumi atatu pamapiri a chipale ndinagwada pasimenti maola asanu, kusinthanitsa mabotolo, mawondo akulira. Mayi ankangowerenga kachipangizo koyezera kutentha. Kakwere pang'ono, katsike, kakwere.

"Awa a m'mphepetewa apita," anatero nthawi ina.

"Mwina ayi."

"Ndaweta nkhuku zaka khumi ndi zisanu, a Kunja. Apita."

Magetsi anayaka dzuwa litapendeka. Ndili pawindo ndinaona bambo uja akutsika pang'onopang'ono, phazi limodzi, kupuma, linzake. Anakweza makwerero pagalimoto n'kukhala kaye pansi m'mbali mwa msewu, mutu uli m'manja.

Lamlungu anaswa anapiye zana limodzi ndi khumi ndi awiri. Tinadikira masiku ena awiri, koma mazira otsalawo sanagwedezeke. Mayi anawaika m'ndowa ziwiri, ine ndinanyamula kupita nazo kuseri kwa nyumba, khasu lili paphewa. Iwo anakhala pasitepe, miyendo atatambasula.

"Kumbani mozamirako," anatero. "Agalu angafukule."