Ndemanga ya Buku Lobiriwira

Buku lija linali ndi chikuto chobiriwira, ndipo pakona pake anamatapo kachidindo kagolide kosonyeza kuti linapata mphoto kunja. Mayi wa magalasi analinyamula m'chikwama mwezi wathunthu, mpaka lamba wa chikwamacho anayamba kumasuka ulusi.

Mayiyu ankagwira ntchito pa shopu yogulitsa magalasi a maso. Dokotala akamaliza kuyeza munthu m'kachipinda ka kumbuyo, iye ndiye ankamuthandiza kusankha mafelemu, kumugwirira kalilole, ndi kumuuza chilungamo ngati magalasiwo amukhala kapena amusandutsa kadzidzi. Makasitomala akaduka, ankatulutsa buku pansi pa kauntala. Chingerezi anachiphunzira kusukulu ngati wina aliyense, kungoti iye sanachisiye pageti tsiku lomaliza mayeso. Anawerenga mabuku a apolisi ndi akuba, a chikondi, a nkhondo, ena othothoka masamba oyamba, ena omaliza. Ndiye mwini shopu ya mabuku ya tsidya la msewu atamuuza kuti Loweruka lomaliza la mwezi kumakumana kagulu ka owerenga, sanachite kumukakamiza. Lamulo la gululo linali lakuti onse awerenge buku limodzi, kenako mmodzi alembe ndemanga ya Chingerezi yoti imatidwe pabolodi la pakhomo pa shopuyo. Mwezi umenewu mpira unagwera iye.

Nkhani ya m'bukumo inali ya bambo wina amene azakhali ake anamusiyira chinyumba chachikulu ndi piyano. Bamboyo ankangozungulira m'nyumbamo, kusuzumira pawindo, kusisita makatani, uku akuganiza zogulitsa piyanoyo kapena kuisunga. Masamba mazanamazana, nkhani yake yomweyo.

Mwamuna wa mayiyu anali wokonza mafiriji, moti pabalaza pawo sipankasowa firiji ya eni ake itagona chagada, matumbo ali pamtunda. Mkazi wake akangolowa, iye ankadzutsa mutu n'kufunsa ndi nkhope yachifundo ngati akufunsa za wodwala.

"Amake mwana, kodi mnzathu uja wagulitsa piyano?"

"Akadali pawindo."

"Mumuuze abwere nayo kuno. Ine ndimupezera kasitomala mawa lomweli."

Mayiyo ankaseka, koma mumtima zinkamudya. Buku la m'chilankhulo chake likamutopetsa, ankadziwa kuti ndi lotopetsa, n'kulikankhira kunsi kwa bedi popanda mlandu. Koma la Chingerezi likamutopetsa, kamawu kena kankamunong'oneza kuti mwina vuto ndiwe. Kumbuyo kwa bukulo anthu ophunzira analemba kuti anaseka mpaka nthiti kuwawa. Iye sanaseke olo kamodzi. Kodi nthabwalazo zinali pati? Mwina zinkadutsa pamutu pake iye ali kalikiliki kufufuza mawu pafoni. Ndipo mawu aatali sankamuvuta, foni inkamuuza tanthauzo n'kuthana nazo. Omupweteka mutu anali timawu tating'ono. Panali kena, koti "quite", komwe apa kakutanthauza "kwambiri", apo kakutanthauza "pang'ono chabe", ndipo bambo wa piyano ankakathira paliponse ngati mchere. Akati azakhali ake anali abwino ndi kamawu kameneko, sunkadziwa ngati akuwatama kapena akuwanyoza.

Atafika kumapeto, anatseka bukulo, napuma, n'kulitsegulanso tsamba loyamba. Ulendo wachiwiriwu anayenda ndi pensulo. Ankawerenga pa nthawi ya nkhomaliro, ankawerenga m'basi atapanikizidwa pakati pa anthu ndi katundu wawo, ankawerenga kukhitchini mpaka tsiku lina anyezi anapserera. Anapeza nthabwala zingapo, zoonda ngati udzudzu. Koma anapezanso mutu umodzi chakumapeto, umene ulendo woyamba anaudutsa ndi maso otopa. Mayi amene anasesa nyumba ija zaka zambiri amabwera kudzabweza makiyi, ndipo bambo uja amamuuza kuti akhale pampando wa pabalaza. Mayiyo anali asanakhalepo pampandowo chiyambire, ndipo sankadziwa koika manja ake. Pamenepo mayi wa magalasi anagwetsa misozi kuseri kwa kauntala, mpaka kasitomala wina anamufunsa ngati naye akufunika kuyezetsa maso.

Ndemanga anailemba, kuifufuta, kuilembanso. Ananena kuti bukulo ndi lozizira. Anati mlembi amadziwa makatani kuposa anthu, ndipo munthu wamoyo m'buku lonselo ndi mmodzi yekha, mayi wa makiyi, amene mlembiyo anamulowetsa mochedwa n'kumutulutsa msanga.

Loweruka lija anakumana m'chipinda cha kumbuyo kwa shopu ya mabuku, pakati pa makatoni ndi fungo la mapepala akale. Kumutu kwa tebulo kunali Apampando, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, amene ankamanga tayi ngakhale kunja kukuwotcha. Pambali pawo panali loya wachinyamata wokonda kugwedeza makiyi a galimoto, ndi amayi awiri a ku banki omwe ntchito yawo pagululi inali kuvomereza. Mpando umodzi unali wopanda munthu. Unali wa mkazi wa dokotala wa mano, mayi wobadwira kunja amene Chingerezi chinali choyamwira, ndipo kuchedwa chinali chizolowezi chake. Pamsonkhanopo ankayankhula Chingerezi chokhachokha.

Mayi wa magalasi anaimirira n'kuwerenga pepala lake. Atamaliza, anaika pepalalo patebulo. Apampando anavula magalasi awo, omwe mayiyo ndiye anawasankhira, n'kuyamba kuwapukuta.

"Mwayesetsa, mayi," anatero. "Mwayesetsa ndithu. Koma mukuona, mabuku ena safuna changu."

"Ndaliwerenga kawiri, aphunzitsi."

"Eya, kawiri. Koma pali kuwerenga ndi kuwerenga." Apa anayamba kuyankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, ngati mmene mayiyo ankayankhulira ndi agogo osamva bwino akabwera kudzatenga magalasi. "Kuzizira kumene mukunenako, mlembi wachita dala. Kumeneko ndiye kukoma kwake."

"Ndikudziwa kuti wachita dala. Munthu akhoza kuphika dala chakudya chosakoma, koma sichikoma chifukwa choti wachita dala."

Loya anaseka. "Vuto ndi khutu, mayi. Nthabwala za anthu amenewa zimabisala. Pamafunika kukhala nawo kaye, kumwa nawo tiyi. Ine nditapita kwawoko koyamba zinkandidutsanso." Kenako anamukonzera katchulidwe ka dzina la bambo wa piyano, kuti zilembo zapakati sizitchulidwa. Amayi a ku banki anagwedeza mitu ngati ankadziwa kale.

Mayiyo anakhala pansi. Mayankho anali nawo, odzaza mkamwa, koma onse anali m'chilankhulo chake. Pomwe ankawasandutsa Chingerezi, kufunafuna mneni woyenera, nkhani inali itapita kale patsogolo.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, mkazi wa dokotala wa mano n'kulowa ali wefuwefu, akupepesa. Anaponya buku lobiriwira patebulo ngati chinthu chimene chamununkhira m'chikwama.

"Pepani anzanga, ine ndalephera," anatero. "Ndalekezera pakati. Buku lotopetsa chonchi sindinalionepo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumangoyang'ana pawindo!"

Loya ndiye anayamba kuseka, mokweza kuposa onse. Amayi a ku banki anatsatira. Apampando anavalanso magalasi awo, akumwetulira.

"Mwalasa penipeni," anatero. "Pali kuuma kwina m'bukuli, kumene owerenga mosamala sangalephere kukuona."

Mayi wa magalasi anayang'ana nkhope imodziimodzi, kudikira kuti wina achite manyazi. Palibe anachita.

"Koma si zomwe ndanena ine?"

"Mwanena zoyandikira," anayankha Apampando. "Kungoti kanenedwe kake."

"Kanenedwe kake katani? Ine ndati lozizira, mwati ndilibe khutu. Awa ati lotopetsa, mwati alasa."

Mkazi wa dokotala, amene sankadziwa chomwe chachitika, anapempha kuti aone pepalalo. Anawerenga akugwedeza mutu. "Izi ndiye zoona zokhazokha," anatero, ndipo ankanena mochokera pansi pa mtima. Koma akunena choncho, dzanja lake linali litatulutsa kale cholembera. Anawonjezera kamawu apa, kuchotsa kena apo, kusintha mchira wa mneni, mwachangu ngati munthu wochotsa ulusi pa malaya a mnzake. Atafika pomwe panalembedwa kuti bukulo ndi lozizira, anaikapo kamawu kaja, ka "kwambiri" kapena "pang'ono chabe". Kenako anafunsa, "Koma mayi wa makiyi ameneyu ndi uti?"

"Ali kumapeto. Simunafikeko."

"Aa, ndiye sindinataye kanthu."

"Mwataya!" Liwu linatuluka lalikulu kuposa mmene ankafunira. "Mutu umenewo ndi wabwino kuposa mabuku onse amene tawerenga chaka chino. Simungalitaye buku musanafike pamene pali mtima wake. Ndani pano wafika pamenepo?"

Loya anayang'ana makiyi ake. Apampando anati anafikapo, inde, ngakhale kuti pankafunika kubwerezanso. Mmodzi wa amayi a ku banki, amene sankayankhula kawirikawiri, anafunsa modabwa zenizeni, "Ndiye inu mayi, bukuli mukulikonda kapena simukulikonda?"

Anatsegula pakamwa, koma Chingerezi chinamuthawa. Anayankha m'chilankhulo chake, lamulo kapena ayi. "Ndikudana nalo, koma ndaliwerenga. Ndiye kusiyana kwake."

Apampando anatsokomola n'kupereka maganizo akuti ndemangayo ikonzedwe bwino ndi mkazi wa dokotala, ndipo pansi pake palembedwe kuti ndi ya gulu lonse. Mayi wa magalasi anatambasula dzanja, natenga pepala lake, nalipinda.

"Ndi yanga," anatero. "Ndikonza ndekha."

Lolemba lake, pa nthawi ya nkhomaliro, anayala pepalalo pakauntala n'kuyang'ana zokonza zija chimodzichimodzi, foni ili pambali. Ankafunitsitsa kuti apeze cholakwika, koma ayi, mayi uja anakonza molondola, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kuposa zonse. Anazilandira akukukuta mano. Kamawu kaja kokha ndiko anakakana. Anakopera ndemangayo papepala loyera, nalemba dzina lake pansi ndi zilembo zikuluzikulu, nawoloka msewu. Mwini shopu ya mabuku anaiwerenga ataima, n'kukanda m'mutu.

"Mayi, mukudziwa kuti ndili ndi katoni yathunthu ya buku limeneli? Ndani agule akawerenga izi?"

"Munene kuti ayambire kumapeto."

Bamboyo anadandaula, komabe anaimata, ngakhale anaiika m'munsi mwa bolodi, pafupi ndi chidziwitso cha munthu wofuna nyumba ya lendi.

Madzulo ake anapeza mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, atabwera kudzathandiza kukweza firiji pangolo. Anawafotokozera zonse abale awiriwo ataima pakhomo, chikwama chikadali paphewa, akutsanzira mawu a Apampando ndi kaseka ka loya. Mlamuyo anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Alamu, inu mumadzizunza dala. Anthu amapuma Loweruka, inu mukutaya ndalama ya basi kuti akakunyozeni m'Chingerezi? Bwerani kwathu, tikunyozani ulere, m'chilankhulo choti muyankhe bwinobwino."

"Ndiye musiya?" anafunsa mwamuna wake.

"Ndisiye kuti anene kuti chandikanika?"

"Nanga mupita kukatani?"

"Mwezi wamawa wolemba ndemanga ndi loya uja," anatero, akuvula nsapato. "Buku lake ndi lalikulu ngati njerwa, ndipo ndikudziwa kuti samaliza. Ine ndimaliza. Mayankho anga ndikonzeratu kuno, m'Chingerezi, ndiwaloweze pamtima."

Abale awiriwo anayang'anana. Kenako mwamuna wake anawerama n'kugwira kumunsi kwa firiji.

"Gwira uko, iwe," anauza mng'ono wake. "Tichoke msanga asanayambe kuyeserera pa ife."