Waya wa Matewera

Lamulungu masana, banja la a Whyson Zulu linakhala pansi pa mtengo wa mapeyala ku Mtendere, likumwa tiyi ndi mbatata. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Akazi awo, a Maggie, anali ndi mdzukulu wakhanda m'manja, koma maso awo anali pa waya woyanikapo zovala.

Kuseri kwa nyumba amuna awo ankamangira mwini pulotiyo kashopu. Pofuna kuwotcherera zitsulo za m'mawindo, anakoka nthambo kuchokera pa soketi ya m'khitchini, nthambo yolumikizalumikiza, mfundo zake zokulungidwa ndi mapepala apulasitiki. Kuti isakwawe m'matope, anaikoleka pa msomali womwe panamangidwa waya wa zovala.

"Batate ba Salome, waya uja unaniluma futi dzulo," anatero a Maggie.

"Waya ulibe mano, bamake Salome. Ni nyerere."

"Nyerere yofika mpaka mu chigongono?"

A Whyson anaseka, nanyamuka, naugwira wayawo ndi manja awiri. Anauseweretsa ngati chingwe cha gitala, mpaka matewera anavina.

"Mwaona? Ine namanga manyumba ku Kabulonga, nthambo niidziwa."

"Malaiti kulibe, batate," anatero Salome, mwana wawo, amene anabwera kudzakhala kwa makolo atangochira. "Olo ine ningagwire."

A Maggie sanaseke nawo. Salome ndiye ankachapa matewera m'mawa uliwonse, n'kumayanika ali wosavala nsapato, manja ali chonyowa, mwana ali kumsana. Tsiku limene waya unawaluma iwo anali atavala mapatapata. Nanga ukadzapeza mapazi a Salome ali m'madzi a sopo? Koma amuna awowa ankawadziwa bwino. Ukawakankha amauma ngati simenti ya dzana.

"Chotsani chabe nthambo ija, muipitse kwina," anatero mofatsa.

"Tikatsiriza mawindo nizachotsa. Chola abwera mailo na mashini yake, nisamuchedwetse."

Chola anali wowotcherera zitsulo wa ku Kalingalinga, ndipo ankayembekezeka mawa lake. A Whyson anakhalanso pansi, nakokera mpando wawo kumthunzi, pansi penipeni pa waya, nayamba kufotokoza za mzungu wina amene anawayamikira khoma.

Nkhani ili pakati, firiji inayamba kulira m'nyumba. Kwa aneba wailesi inadzuka, ana m'njira nayamba kuthamangira ku ma TV.

"Yabwera," anatero a Whyson. "Lekani nikachaje foni."

A Maggie anatsegula pakamwa kuti awachenjeze, koma bambo anali atadzuka kale. Anali munthu wamtali, wa dazi losalala, ndipo thukuta linali litalinyowetsa. Dazi linakhudza waya.

Anakhala pansi osafuna, pambali pa mpando, kapu ya tiyi ikugubuduka. A Maggie anapatsira Salome mwana, nathamangira m'nyumba kukazimitsa swichi yaikulu. Pobwerako anapeza amuna awo akusisita pamutu, maso ali psuu. Anawagwira nkhope, nawayang'anitsitsa.

"Muli bwino?"

"Nili bwino."

"Ni nyerere?"

Salome anabisa nkhope m'chitenje cha mwana, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. A Whyson anayang'ana matewera amene anali pawaya, nayang'ana mapazi a Salome, osavala kanthu pa dothi lonyowa. Kenaka anapempha makwerero.

Anatsitsa nthambo yonse. Pafupi ndi msomali, pulasitiki inali itasungunuka, mkuwa uli pamtunda, utagona pa waya wa zovala. Nthamboyo anaikulunga mwakachetechete, naiponya pansi pa bedi.

Lolemba m'mawa Chola anafika akukankha makina ake pa wilibala.

"Bamudala, nthambo ili kuti?"

"Yapuma nchito," anatero a Whyson, atavala chipewa ngakhale kunali mitambo. "Naitana Chisala wa malaiti, abwere aike soketi yabwino panja, ya nthambo imodzi yosadukaduka."

"Manje ine nizichita chani?"

"Uzimwa tiyi," anatero a Maggie, akumuikira mpando. "Shuga zingati?"