Abambo Atasiya Mofini

Mzime analowa mu ofesi ya adokotala osagogoda, mapepala ali m'manja, nkhope ikuwala ngati wakhoza mayeso. Ankagwira ntchito ku famase ya chipatala chomwecho, munthu wodziwa kuwerengera mankhwala mpaka kadontho, koma sabata imeneyo mumtima anali mwana wa wodwala basi. Abambo ake anali gone mu wodi ya khansa, matenda atalowa m'mafupa, ndipo mofini amene ankawaziziritsira ululu anali atawasokoneza mutu. Ankangosinza, kusanza, n'kumaona agalu pansi pa bedi. Mwana wawo womaliza, amene anamupatsa okha dzina loti Mzime, tsopano ankamutchula kuti anamwino. Chimenechi n'chimene chinkamudya moyo. Masiku anali atatsala ochepa, ndipo iye ankafuna abambo ake amuzindikire asanatsikire kuli chete.

“Adokotala, ndapeza!” anatero akumwaza mapepalawo patebulo. “Kafukufuku yenseyu akunena chimodzi. Mofini akamusokoneza wodwala, mumusinthire mankhwala ena a banja lomwelo, ambiri amatsitsimuka. Tiwapatse okisikodoni. Mlingo ndawerengera kale!”

Adokotalawo anali mayi wachikulire amene wodi yonse inkawatchula kuti a Dekhani, chifukwa ngakhale denga likanagwa, mawu awo oyamba akanakhala amenewo. Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mosathamanga, Mzime akungopondaponda ngati mwana wogwidwa ndi mkodzo.

“Dekhani,” anatero. Mumayembekezeranso chiyani? “Odwala amene anasinthiridwawa anawayerekeza ndi ndani?”

“Ndi mmene analili asanasinthe.”

“Nanga anzawo amene anapitiriza mofini, mwina atangowachepetsera pang'ono, ali pati?”

Mzime anatembenuza pepala, n'kutembenuzanso lina. Sanalimo. Ofufuza onsewo, ndi maina awo ataliatali, palibe amene anadzivutitsa kuika magulu awiri pambalipambali.

“Wodwala timamusinthira zinthu zikafika poipitsitsa,” anapitiriza a Dekhani. “Pamenepo ena amapezako bwino okha, kaya wasintha kaya sunasinthe. Ndiye tidziwa bwanji kuti chawathandiza n'chiyani?”

“Ndiye mukukana?” anafunsa Mzime.

“Wakana ndani? Tisintha lero lomwe. Ineyo ndaonapo zikugwira, ndaonaponso zikukanika. Kungoti mapepalawa sangatilonjeze kanthu, ndiye tiyenda ngati m'nyumba yothima magetsi, manja kutsogolo.” Atatero anatenga cholembera n'kudula mlingo wa Mzime pafupifupi ndi theka.

Apa ndiye anamuponda pachilonda. Wa ku famase mutukwaneni zina zonse, koma osakhudza masamu ake.

“Masamu angawa alibe cholakwa!”

“Masamu ali bwino. Koma thupi la abambo anu lazolowera mofini, mlendoyu silikumudziwa. Ululu ukabwera tiwonjezera. Kuwonjezera n'kosavuta, kutulutsa zimene zalowa kale m'magazi ndiye ayi.”

Anasintha. Poyamba panalibe chooneka, kenaka ululu unakwera, abambo n'kumabuula mpaka Mzime anadziona ngati wawapha ndi manja ake. A Dekhani anawonjezera pang'ono, n'kudikira, n'kuwonjezeranso pang'ono. Kusanza kunaleka.

M'mawa wina Mzime akuwapukuta kumaso, abambo anatukula dzanja n'kudzisisita kuchibwano. Moyo wawo wonse anali wometa anthu, ndipo dzulo lake Mzime anali atawameta ndevu yekha ndi lezala la kugolosale.

“Iwe Mzime,” anatero ndi mawu osasa, “wandimeta chonchi ndani? Ngati kapinga wodyedwa ndi mbuzi.”

Mzime anakuwa. Kapu inagwa, anamwino anathamangira poganiza kuti zavuta, n'kumupeza akuseka misozi ili mbwembwembwe.

“Nditchuleninso, ababa! Ndine ndani?”

“Wapenga kodi mwana iwe? Tandipatsa galasi ndione zimene wandiwonongazi.”

Anaimbira achimwene ake, anaimbira azakhali, foni ikuterereka m'manja. Kenaka anathamanga m'khonde lonse, nsapato zikulira, n'kuwapeza a Dekhani akusamba m'manja.

“Adzuka! Andidziwa, anditukwananso! Adokotala, tilembe. Nkhani ya abambo anga ipite ku magazini ya madokotala, anthu adziwe kuti kusintha kumagwira!”

A Dekhani anamukumbatira manja ali onyowa, nawonso maso atadzaza misozi. “Tilemba, mwana wanga. Tabwerani kaye.”

Anamutengera kumapeto kwa wodi, n'kukankha katani. Pabedi panagona bambo wowonda, maso ali tong'o koma osaona kanthu, akulankhula ndi khoma. Mkazi wake anakhala pampando atagwira beseni.

“Awa tinawasinthira tsiku limodzi ndi abambo anu,” ananong'oneza a Dekhani. “Mankhwala omwewo, ndipo munapereka ndinu pawindo la famase. Nawonso tiwalembe?”

Mzime anachita manyazi mpaka kumapazi. Sankawakumbukira n'komwe bamboyo. Anazindikira pomwepo mmene mapepala ake aja anabadwira: aliyense anathamanga kukalemba za wodwala amene anadzuka, ali ndi chimwemwe chonga chakechi, ndipo a kuseri kwa katani palibe anawathamangira.

Mayi wa besenilo anatukula mutu, nkhope itawala pang'ono.

“Ndamva chisangalalo uko. A kwanu adzuka eti? Ndiye kuti athunso adzuka. Inu ndinu a mankhwala, mwawerenga zambiri. Adzuka, si choncho?”

Uko abambo ake ankamveka akukalipira anamwino za galasi, ndipo mtima wake unali ukuvinabe. Anakoka mpando, n'kulandira besenilo m'manja mwa mayiyo.

“Sindikudziwa, mayi,” anatero. “Palibe amene akudziwa. Koma sitinasiye kuyesa.”