Horace pa Chinsalu

Ndiye kuti Maud ankadziwa. Maud, mng'ono wake weniweni wa Edna, amene anamukoka dzanja pa geti la fakitale ya nsalu masana a Loweruka limenelo n'kumati tiyeni ku kanema mukasekeko achemwali, ankadziwa bwino lomwe kuti munthu wodzatulukira pa chinsalu choyeracho ndi Horace. Edna anauma pampando, chikhoto chonyowa ndi mvula chikumuzizira m'mapewa, akuyang'ana mwamuna wake, mwamuna amene anakwera sitima ya ku London ati kukayesa mwayi kwa ojambula makanema olankhula, osabweranso, osatumiza ngakhale moni, lero uyu ali apayu, wamkulu ngati nyumba, kachipewa kosamukwana kali pamutu, akugwera m'dziwe ndi njinga yogulitsira mkaka.

Holo yonse inaphulika ndi phwete. Edna anawada onse. Anada azibambo a kumzere wakutsogolo, amene makina awo anaima kalekale ndipo amangoswera pakona manja ali m'thumba, lero akupukuta misozi yachimwemwe ngati kwawo kuli chakudya. Komabe ankadziwa, ndipo kudziwako ndi kumene kunkamuwawa kwambiri, chimene chinawasonkhanitsa mumdimamu: muno palibe womwalira, palibe wochotsedwa ntchito, chitsiru chikagwera m'madzi chimavuuka chikuyimba, bwana ndiye amaterereka, ndipo kwa kanthawi munthu amaiwala chifuwa chake chodzaza thonje.

Kenako pa chinsalupo panabwera mkazi wa chitsirucho, chimzimayi chamsunamo, tsache lili m'manja.

"Pukuta mapaziwo, mbuzi iwe! Muno si m'khola!"

Magazi anamuthamangira kumaso Edna. Anali mawu ake. Mawu ake enieni, ngakhale kakokedwe ka liwu lomalizalo, mawu a pakhomo pawo pa Canal Street, amene Horace anawanyamula, kukawapereka kwa anthu achilendo kuti dziko lonse liziseka. Nanga masiku onse aja Horace ankangoti duu pakhomo, mutu uli pansi, iye n'kumayesa kuti munthu wamva chisoni, kani ankaloweza? Kapena mwina iye analidi wotero, mwina ankakalipadi choncho, tsiku ndi tsiku, mpaka munthu kuona kuti bola sitima, koma ayi, ndani ankakolopa pansipo atachoka ku makina miyendo itatupa, ndani?

Mayi Entwistle, oyandikana nawo nyumba, anatembenuka kuchokera pampando wakutsogolo, mano onse pamtunda.

"Koma ndiye akutengerani ndendende, Edna."

Edna anafuna kuwalavulira pachipewa. Anafuna kuimirira, kukuwa kuti munthu mukumusekererayu anasiya mkazi m'nyumba yodontha, koma anadziwa kuti akangokweza mawu ndiye kuti wamaliza yekha sewerolo, aseka kuposa pamenepa.

Pa chinsalu Horace anamvera. Anapukuta phazi limodzi, mofatsa, mwaulemu, pamsana pa mphaka amene anagona pakhomo, kenako anacheuka, n'kukweza nsidze imodzi, nkhope ija, ija ankamuchitira akali pachibwenzi mpaka tiyi kumutulukira m'mphuno.

Ndipo chinamupulumuka. Kuseka kumodzi, kwakufupi, kokhadzula ngati chifuwa, kunatuluka pakamwa pake iye asanakutsekereze.

Maud anamufinya dzanja. "Mwaona nanga?"

"Ndisiye."

Magetsi atayaka, anthu anayamba kutuluka akuyimba kanyimbo ka mu kanemamo, ena akumuzemba ndi maso, ena akumuba ndi maso omwewo. Maud anamudikira pakhomo, n'kutopa, n'kupita. Edna anatsala pakati pa mipando yopanda anthu ndi makoko a malalanje, akudziuza kuti akungodikira kuti msewu uphwe, kuti sakufuna kukumana ndi aliyense, basi.

Mayi woonetsa anthu malo anafika ndi tochi yake. "Tikuyambiranso, mayi. Mutuluka?"

Edna anatsegula pakamwa, koma magetsi anali atayamba kale kuzima, ndipo pamwamba pa mutu wake, kupyola mu utsi wa fodya, kuwala kuja kunadutsanso, kutamunyamula Horace.