Dimba la Onse

Kalabu ya alimi a ku Thambani inkakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Zipani zambiri zitalowa m'dziko, mlangizi wa zaulimi anabwera ndi nkhani yakuti bungwe lina likupereka pampu yoponda ndi miyendo, koma kwa gulu lokhalo limene lingaphatikize madimba ake kukhala limodzi.

Dimba lokhala ndi chitsime chosaphwa linali la Deliwe, mkazi wa a Langton. Deliwe anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo anzake pobwerera iye anatsala pabanja. Dimbalo analiswa yekha m'mabango.

Kalabuyo inkatsogozedwa ndi akuluakulu awiri amene anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi. A Bartholomew anakaphunzira ku Moscow, a Godwin anakakhala ku Tanzania. Za dimba la onse anagwirizana msanga, koma kukangana sanaleke.

"Ku Russia minda ya onse inkalimidwa ndi mathirakitala," anatero a Bartholomew. "Inu ku Tanzania munkangounjika makasu n'kumati ndi sosholizimu."

"Nanga mathirakitala anuwo ali kuti lero, a Moscow? Dziko lenilenilo linaphwasuka. Ujamaa wathu unali wa mlimi, osati wa anthu a m'fakitale."

"Unagwanso umenewo!"

"Unagwa, koma mwaulemu."

Anthu anaseka. A Bartholomew, atakondwa, anakweza chibakera n'kufuula monga ankafuulira ku Mozambiki, kumene anakhalako popita ku Ulaya: "Abaisho njala! Njala igwe!" Anthu anagwirizana kuti Lachisanu adzavota pokweza manja.

Deliwe sanaseke. Mfuu imeneyo anaimva ali namwali, pamene boma la kwawo linalamula anthu kusiya minda yawo, kumanga nyumba m'mizere ndi kulima munda umodzi wa onse. Kumenekonso zinayamba ndi msonkhano pansi pa mtengo. Bambo ake sanakweze dzanja. Lole inali itaima kale kumsewu, ndipo anawakweza pomwepo, osawalola kufika kunyumba. Anati akupita ku Niassa, kumpoto kwa dzikolo, kukaphunzitsidwa maganizo atsopano. Sanabwerenso.

"Bambo a Sarah," anatero Deliwe kwa mwamuna wake ali m'njira, "dimba lija ine ndikana."

"Kanani, akumenyeni ndani? Ino ndi demokalase."

"Kwathunso ankatero. Ankati yankhulani momasuka, kamarada."

A Langton anangoti nkhondo inatha, n'kuyamba za mbuzi.

Lachisanu kunatentha monga kumatenthera mu Okutobala. Deliwe anavala madiresi awiri, juzi pamwamba, zitenje zitatu ndi nsapato za kutchalitchi. Pakona ya chitenje anamangapo mchere ndi singano. Kwawo, bambo ake atatengedwa, aliyense wokhala ndi mawu okana ankapita kumsonkhano atavala chotero. Potuluka anauza a Langton pamene anasunga mbewu ya mpiru, ndiponso kuti mwana wawo Sarah asadzasiye sukulu.

Atafika kumsika anaona lole. Inaima pamthunzi, kumbuyo kwake kutafundidwa lona.

"Mayi a Sarah, ndi malungo?" anafunsa Flossie, mnzake wa dimba loyandikana. "Kapenatu mukupita ku Joni osatitsanzika?"

Deliwe anakhala pansi. Thukuta linkatsika m'msana. Mlangizi anayankhula za tomato wa m'chilimwe, koma iye ankangomva injini ya lole ikuthetheka pozizira. Woyendetsa anali atatsamira chitseko, akudya nzimbe, akuyang'ana anthu mmodzimmodzi.

"Ofuna dimba la onse, manja m'mwamba!" anatero a Godwin.

Manja anakwera onse. A Langton anakweza lawo mpaka paphewa, kenako analitsitsa. Deliwe anapinda ake pamiyendo.

"Mayi, simunamve?" anatero a Godwin.

Anaimirira. Mawu anatuluka aang'ono. "Ndamva, bambo. Dimba langa sindipereka. Amuna anga sakudziwapo kanthu, ndi maganizo anga ndekha. Muwasiye."

Atatero anayamba kuyenda yekha kulowera kulole, kuti asamukoke pamaso pa anthu. Ena anaseka, poyesa kuti akukaona pampu.

A Bartholomew sanaseke nawo. Anayang'ana juzi, nsapato ndi mfundo ya pachitenje, nkhope yawo n'kusintha.

"Mayi, imani kaye. Mukupita kuti?"

"Bambo anga anapita ndi malaya amodzi okha. Ku Niassa akuti kumazizira."

A Bartholomew anakhala pabenchi mwapang'onopang'ono. "Ndinawaona anthu ovala chonchi ku Tete," anatero, osayang'ana munthu. "Tinkati ndi osazindikira." Anatembenukira kwa mlangizi. "Vundukulani lonalo awone."

Woyendetsa anavundukula. Munali pampu ndi mapaipi basi.

"Dimba la mayiwa tisalikhudze," anatero a Bartholomew. Ulendo uno a Godwin sanawatsutse.

Mlangizi anati popanda chitsimecho pampu ilibe ntchito, choncho aipititsa kwa Kanduku kumene gulu lina likudikira. Flossie anakutumula chitenje chake. "Ndiye tizingosenzabe ndowa chifukwa cha inu? Zikomo kwambiri, mayi a Sarah." Amayi ena anamutsatira, osatsanzika.

Lole inalira n'kunyamuka. Deliwe anaiyang'ana mpaka fumbi linatha.

"Abweranso liti?" Deliwe anafunsa mwamuna wake.

"Sabweranso. Dimba ndi lanu. Vulani juziyo, mukomoka."

Sanaivule. Anatsikira kudimba, natunga madzi, n'kuyamba kuthirira kuchokera kumzere wakumunsi, kumene msewu umaoneka bwino.